Tsamba Limodzi, Nkhope Zambiri

Tengani mafoni awiri, yanu ndi ya mnzanu, mutsegule webusaiti imodzimodzi pa nthawi imodzi. Kawirikawiri mupeza kuti zimene zatuluka sizikufanana. Pa foni ina pabwera zithunzi zikuluzikulu ndi kanema woyamba yekha, pa inayo pali mawu ndi tizithunzi ting'onoting'ono. Wina walonjeredwa ngati mlendo, wina akukumbutsidwa za nsapato zimene anaziyang'ana dzana n'kuzisiya. Adiresi ndi imodzi, koma tsamba lavala nkhope ziwiri.

Kuseri kwa sikirini kulibe munthu amene wakhala pampando n'kumasankhira aliyense zake. Otsegula masamba ndi ochuluka moti palibe ofesi imene ingakwanitse. Amene akusankha ndi malamulo olembedwa kale, ndipo pa mawebusaiti ambiri malamulowo amawerengedwa m'foni yanu momwemo, mkati mwa browser, pulogalamu ija timatsegulira masamba monga Chrome, Firefox, Safari kapena Opera. Chida chogwira ntchitoyi akatswiri amachitcha rules engine, ndiye kuti injini ya malamulo. Dzinali ndi lachilendo, koma nzeru yake aliyense amene anagulapo mchere pa okala anaiona kale.

Katoni ya pa okala

Mayi amene wakhalitsa pa okala yake sagulitsa mofanana kwa aliyense. Mwana wa sukulu akatulukira m'mawa, dzanja la mayiyo lafika kale pa mabanzi. Agogo akabwera, amakweza mawu pang'ono n'kuwawerengera chenji m'manja, ndalama imodziimodzi. Mwezi ukatha, anthu atalandira, kutsogolo amaika mapaketi athunthu a shuga. Mwezi ukafika pakati, kutsogolo kumabwera timachubu ta mafuta ophikira ndi shuga womanga m'timapepala.

Tsiku lina kwagwa zovuta kumudzi, ndipo mayiyo akusiya okala m'manja mwa mng'ono wake amene sadziwa bwino makasitomala. Asananyamuke akung'amba katoni n'kulembapo: aphunzitsi a nyumba yachitatu akabwera, uwapatse pa ngongole, ulembe m'kope, munthu akagula zinthu zopitirira zisanu, jumbo ndi yaulere, mvula ikayamba, chotsa sopo pa windo, ngati munthu sukumudziwa, ngongole ayi.

Pamenepa pali zinthu zitatu. Choyamba ndi zimene mtsikanayo akuona ndi maso ake: wabwera ndani, wagula zingati, kunja kwacha bwanji. Chachiwiri ndi katoni ija. Chachitatu ndi mtsikana mwiniwakeyo, amene ntchito yake ndi kuyang'ana munthu, kuyang'ana katoni, n'kuchita zimene zalembedwa. Mayi uja akadzafuna kuti jumbo yaulere iyambire pa zinthu khumi, sasintha mtsikana. Angofufuta mzere umodzi n'kulemba wina. Apa ndiye pagona nkhani yonse: malamulo ali paokha, wowatsatira ali payekha.

M'mapulogalamu ambiri ziwirizi zimasakanikirana. Mawu akuti "ngati zili chonchi, chita chakuti" amakwiririka m'mizere masauzande ya code, ndiye kuti malangizo olembedwa a pulogalamuyo, moti kusintha kanthu kamodzi kumafuna wolemba mapulogalamu, kuyesa, ndi kutulutsanso pulogalamu yonse. Injini ya malamulo imazula mawu amenewa n'kuwaika pa katoni yawoyawo.

Misewu iwiri imene inakumana

Masamba oyamba a pa intaneti analibe nkhope ziwiri. Tim Berners-Lee analemba ganizo lake la World Wide Web mu 1989 ali ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo webusaiti yoyamba inadziwika kwa anthu onse mu 1991. Tsamba linali ngati chikwangwani cha pa mtengo: aliyense wodutsa ankawerenga zofanana, ndipo chikwangwanicho sichinkakumbuka amene anadutsa dzulo.

Kukumbuka kunabwera mu 1994, pamene Lou Montulli wa kampani ya Netscape anapanga cookie, kachizindikiro kamene webusaiti imasiya m'browser kuti ikuzindikireni mukadzabweranso. Chaka chotsatira, mu 1995, Brendan Eich wa kampani yomweyo analemba JavaScript, chiyankhulo cha mapulogalamu chimene chimathamanga m'browser. Kuyambira pamenepo tsamba linatha kudzisintha lokha lili kale pamaso pa munthu. Pofika 2004 ndi 2005, Gmail ndi Google Maps zinaonetsa dziko kuti tsamba likhoza kukhala pulogalamu yeniyeni, yokoka zatsopano mwakachetechete popanda kutsekanso ndi kutsegulanso. Izi ndi zimene zimatchedwa web application.

Umenewo ndi msewu woyamba. Wachiwiri, wa injini za malamulo, ndi wakale kuposa pamenepo. M'zaka za m'ma 1970, ku yunivesite ya Stanford, Edward Shortliffe anapanga MYCIN, pulogalamu ya malamulo pafupifupi 600 yothandiza kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda a m'magazi ndi kusankha mankhwala. Sinagwiritsidwe ntchito pa odwala m'zipatala, koma inasonyeza kuti nzeru za katswiri zikhoza kulembedwa ngati mndandanda wa "ngati" ndi "ndiye". Ku yunivesite ya Carnegie Mellon, John McDermott anapanga XCON, imene kampani ya Digital Equipment Corporation inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1980 posankha zipangizo zoyenerana za makompyuta a VAX molingana ndi oda ya kasitomala. Malamulo ake anakula n'kufika masauzande. Mu 1985 NASA inayamba kupanga injini yake yotchedwa CLIPS, ndipo patsogolo pake kunabwera zina monga Drools, zimene mabanki ndi makampani a inshulansi amagwiritsa ntchito.

Zambiri mwa injini zimenezi zinkakhala m'makompyuta a makampani. Mafoni atakula mphamvu ndipo JavaScript itayamba kuthamanga, anthu anaona kuti injini yaing'ono ikhoza kutumizidwa limodzi ndi tsamba, n'kukagwira ntchito m'manja mwa wowerenga. Masiku ano zilipo zaulere zimene aliyense angatenge, monga json-rules-engine ndi JsonLogic.

Zimene zimachitika mukadina

Tiyerekeze kuti pali webusaiti yogulitsa matikiti a basi. Mayi wina ali pa depoti, dzuwa likuswa mtengo, m'manja muli foni yotchipa ya Android ndipo bandulo yatsala pang'ono. Wadina adiresi. Seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, yatumiza zinthu zitatu: mafupa a tsambalo, injini yolembedwa mu JavaScript, ndi kafayilo ka malamulo. Kafayiloko nthawi zambiri kamalembedwa mu JSON, kalembedwe kosavuta kamene Douglas Crockford anakatchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kamene kompyuta ndi munthu yemwe amatha kuwerenga.

Injini imayamba ndi kusonkhanitsa zodziwika. Browser imaulula zambiri popanda kufunsa mwini foni. Imanena chiyankhulo chimene foniyo inaikidwa, pogwiritsa ntchito zilembo ziwiri monga en pa Chingerezi, pt pa Chipwitikizi ndi ny pa Chichewa. Imanena kukula kwa sikirini, nthawi ya pa foniyo ndi dera la nthawiyo. Imanena ngati mwini wake anasankha sikirini yakuda, kapena anapempha kuti zinthu zisamayendeyende chifukwa zimamuchititsa chizungulire. Chrome imathanso kuyerekeza liwiro la netiweki m'magawo anayi, slow-2g, 2g, 3g ndi 4g, ngakhale Safari sipereka zimenezi. Kuonjezera apo pali zimene webusaitiyo inasunga yokha m'foni ulendo wapita, mwachitsanzo njira imene mayiyu anagulira tikiti mwezi watha. Malo enieni amene munthu ali ndi nkhani ina: pamenepo browser imayamba yapempha chilolezo.

Kenako injini imawerenga katoni yake. Lamulo loyamba likuti ngati netiweki ndi 2g, musakoke zithunzi za mabasi. Lachiwiri likuti ngati munthuyu anagulapo tikiti, njira yakeyo ikhale pamwamba. Lachitatu likuti ngati sikirini ndi yaing'ono, mabatani akhale akuluakulu ndipo afole mzere umodzi. Lachinayi likuti ngati nthawi yapitirira 4 koloko masana, yambani kuonetsa mabasi a mawa. Zonsezi zatha mayi uja asanaphethire kawiri. Iye akungoona tsamba lopepuka, njira yake ili pamwamba, batani lokwanira chala chake. M'bale wake amene watsegula tsamba lomwelo pa laputopu mu ofesi akuona zithunzi zonse, mapu ndi ndandanda ya sabata yathunthu.

Ntchitoyi sithera pa kutsegula. Mayi uja akakwera basi, netiweki n'kuyamba kudukaduka m'mapiri, chodziwika chimodzi chasintha, ndipo injini iwerenganso malamulo okhudza netiweki. Akatembenuza foni cham'mbali, sikirini yakula, lamulo lina ladzuka. Ndi chifukwa chake akatswiri amati kusinthaku kumachitika pa runtime, kutanthauza pamene pulogalamu ili mkati mogwira ntchito, osati pa nthawi imene ankailemba.

Lamulo limathanso kubala chodziwika chatsopano. Lina likhoza kunena kuti amene wagula katatu m'mwezi umodzi ndi woyenda pafupipafupi, ndipo lina n'kunena kuti woyenda pafupipafupi aonetsedwe batani logulira tikiti yopita ndi yobwerera. Loyamba ladzutsa lachiwiri, monga mmene moto umayendera pa udzu.

Nanga malamulo awiri akatsutsana? Lina likuti onetsani kanema wotsatsa basi yatsopano kwa onse, lina likuti pa netiweki yofooka kanema ayi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndiye lamulo lililonse limapatsidwa nambala ya ukulu, ndipo la nambala yaikulu ndilo limamveka. Amene akupereka manambalawa akusankha chimene chili chofunika kwambiri, malonda a kampani kapena bandulo ya mayi uja, ndipo kusankha kumeneku palibe makina angakuchitire munthu.

Malamulo akachuluka pamabwera vuto la liwiro. Kuwerenga malamulo masauzande kuyambira pamwamba nthawi iliyonse kanthu kakasintha kumachedwetsa. Charles Forgy wa ku Carnegie Mellon anapeza njira m'zaka za m'ma 1970, imene anaifalitsa mu 1982, ndipo anaitcha Rete, mawu a Chilatini otanthauza ukonde. Njirayi imalumikiza malamulo ngati mfundo za ukonde n'kusunga zimene zapezeka kale, moti chinthu chimodzi chikasintha, ulusi wokhudzidwa wokha ndiwo umagwedezeka. Injini zazing'ono za m'browser, zimene zimanyamula malamulo makumi angapo, zambiri sizifuna nzeru yakuya chonchi. Zimangowerenga onse, chifukwa ndi ochepa.

Chifukwa chochitira m'foni

Seva nayonso ikhoza kusankha nkhope ya tsamba isanalitumize, ndipo mawebusaiti ambiri amatero. Kusamutsira ntchitoyi m'browser kuli ndi phindu lake.

Loyamba ndi liwiro. Tsamba likakhala lofanana kwa onse potuluka, makope ake akhoza kusungidwa m'maseva oyandikira anthu m'madera osiyanasiyana a dziko, n'kumaperekedwa msanga popanda kuphikira aliyense mphika wake. Ndiwo zimathiridwa mchere pa mbale ya wakudya.

Lachiwiri ndi kudziwa zapafupi. Seva ili kutali sidziwa kuti foni yatembenuzidwa kapena kuti netiweki yagwa mphindi yomwe ino. Browser ikudziwa, chifukwa ili pomwepo. Ngati tsamba ndi malamulo ake zasungidwa m'foni, injini imapitiriza kugwira ntchito ngakhale netiweki itazimiratu.

Lachitatu ndi kumasuka kwa eni webusaiti. Munthu wa zamalonda amene sadziwa kulemba mapulogalamu akhoza kusintha lamulo m'mawa, masana anthu n'kukhala akuona zatsopano.

Lachinayi, limene ndi lalikulu koposa, ndi chinsinsi. Ngati kugamula kukuchitikira m'foni, palibe chifukwa choti zodziwika zija zituluke. Mbiri ya maulendo a mayi uja ikhoza kukhala m'thumba mwake, malamulo ndiwo abwere kudzaipeza. Izi zimatheka pokhapokha ngati eni webusaiti afuna, pakuti code yomweyo imene ikuwerenga zodziwika ikhozanso kuzitumiza kunja. Koma khomo lochitira zinthu mwaulemu ndi lotseguka.

Kumene minga ili

Injini ndi malamulo ake ndi katundu, ndipo wosenza ndi mwini foni. Kilobaiti iliyonse imadya bandulo yake, ndipo foni yotchipa imatenga nthawi kuwerenga JavaScript yochuluka. Webusaiti ikhoza kutumiza injini yolemera kuti ikagamule zoti munthuyu asalandire zithunzi zolemera, mapeto ake n'kumudyera zambiri kuposa zithunzizo.

Vuto lina ndi kuphethira kwa tsamba. Nkhope yoyamba imaoneka kaye, injini n'kumaliza kuganiza, tsamba n'kusintha chala chili m'njira, munthu n'kudina batani limene sanafune. Ena amabisa tsamba lonse mpaka injini itamaliza, koma pa netiweki yofooka wowerenga amatsala akuyang'ana sikirini yoyera mbee.

Pali lamulo limene wolemba mapulogalamu aliyense amaphunzira msanga: chilichonse chimene chafika m'browser chili m'manja mwa mwini browser. Pa kompyuta, m'mabrowser ambiri kungodina batani la F12 kumatsegula zida zoonera code, malamulo ndi zosungidwa zonse, ndipo munthu akhoza kuzisintha. Ngati lamulo lochotsera mtengo wa tikiti lili m'browser mokha, wochenjera adzilemba yekha kuti ndi woyenda pafupipafupi. Choncho injini ya m'browser ndi yosankhira zooneka. Za ndalama, za chilolezo ndi za zinsinsi za anthu ena ziyenera kutsimikizidwanso pa seva.

Kuyesa nakonso kumavuta. Zodziwika khumi za inde kapena ayi zimabala nkhope zotheka 1,024. Zikafika makumi awiri, nkhopezo zimapitirira miliyoni imodzi. Palibe amene angaziyang'ane zonse, ndipo kasitomala akaimba foni kudandaula, woyankha saona zimene iye akuona. Eni webusaiti anzeru amachepetsa malamulo, amafufuta akale, ndipo amakonza njira yoti injini izinena lamulo limene yatsatira.

Munga womaliza ndi kulakwitsa munthu. Lamulo loti ngati chiyankhulo cha foni ndi ny onetsani Chichewa limamveka bwino pa pepala. Koma olankhula Chichewa ambiri ali ndi mafoni oikidwa m'Chingerezi, ndipo lamulolo lidzawadumpha onsewo. M'mabanja ambiri foni imodzi imadutsa m'manja mwa bambo, mayi ndi mwana, moti mbiri ya m'foni si mbiri ya munthu mmodzi. Mankhwala ake ndi osavuta: injini iyerekeze, koma batani losinthira likhale poonekera, ndipo munthu akasankha yekha, chosankha chakecho chipose malamulo ena onse. Kufunsa kumaposa kulosera.

Mbuzi ikakondwa

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Tsamba lokudziwani bwino limakoma, koma ndi bwino kufunsa kuti likukudziwirani chiyani.

Mu 2012 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti Orbitz, kampani ya ku America yogulitsa maulendo, inapeza kuti anthu a makompyuta a Mac amalipira zambiri pa mahotela, ndipo inayamba kuwaonetsa mahotela odulirapo pamwamba. Mtengo wa chipinda chimodzimodzi sunasinthe, koma ndandanda inasintha. Chaka chomwecho nyuzipepala yomweyo inapeza kuti webusaiti ya masitolo a Staples inkaonetsa mitengo yosiyana molingana ndi dera limene ikuganiza kuti munthu ali, makamaka kuyandikira kwake kwa masitolo opikisana nawo. Kaya malamulo otere akhale pa seva kapena m'browser, mafupa ake ndi omwe aja a pa katoni: ngati zili chonchi, chita chakuti.

Zodziwika zing'onozing'ono zija nazonso zikaphatikizidwa zimasanduka chidindo cha chala. Mu 2010 bungwe la Electronic Frontier Foundation linayesa mabrowser pafupifupi theka la miliyoni, ndipo linapeza kuti oposa 80 pa 100 alionse ankatha kusiyanitsidwa ndi ena onse pongoona zimene amaulula okha, popanda cookie. Mu 2011 Eli Pariser analemba buku lakuti The Filter Bubble, lochenjeza kuti munthu woonetsedwa zokhazo zimene amakonda amatsekeredwa m'kachipinda kake osadziwa.

Maboma analowererapo. Ku European Union lamulo la GDPR linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene zasungidwa zokhudza iye ndi ufulu wokana kuti zigwiritsidwe ntchito pomutsatsa malonda, ndipo chilango chikhoza kufika 4 pa 100 ya ndalama zonse zimene kampani imapeza pa chaka. South Africa ili ndi lamulo la POPIA, Zambia inakhazikitsa lake mu 2021, ndipo Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024. Opanga mabrowser nawonso anamanga mipanda: Safari ndi Firefox zimatchinga ma cookie otsatira anthu kuchokera pa webusaiti ina kupita pa ina.

Malamulo a boma amaletsa zoipitsitsa, koma sangalembe mzere uliwonse wa pa katoni. Mizereyo amalemba anthu wamba m'maofesi, nthawi zambiri mothamanga, ndipo pamenepo ndi pamene khalidwe la webusaiti limabadwira. Injini ya m'browser ili ndi mbali imene ena amaiona ngati chofooka, yoti malamulo ake akhoza kuwerengedwa ndi amene akuwalandira. Kwa wolemba woona mtima chimenecho ndi muyeso wabwino. Tibwerere pa okala paja. Tiyerekeze kuti mphepo yagwetsera katoni ija panja, agogo aja n'kuitola. Akawerenga kuti agogo akabwera uziwawerengera chenji pang'onopang'ono, amwetulira n'kuibweza. Akawerenga kuti agogo saona bwino, uziwapatsa buledi wa dzulo, pa okalayo sapondanso, ndipo mudzi wonse umva lisanalowe dzuwa.

Amene akulemba lamulo la pa webusaiti ayambe waliwerenga mokweza, ngati kuti mayi wa pa depoti uja waima patsogolo pake akumvetsera. Loti netiweki yanu yafooka, ndiye tachotsa zithunzi kuti bandulo ikufikitseni, anganene atamuyang'ana m'maso. Loti foni yanu ndi yodula, ndiye takubisirani matikiti otchipa, lidzamukakamira pakhosi. Lokakamira pakhosilo alifufute asanalitumize.